Invata m'boti: yambani mwawerengera magetsi musanapite ku shopu

Funso: Ndili ndi boti la faiba la mamita 9, injini yake ndi Yamaha Enduro ya 40, yolizira pokoka chingwe. Ndimanyamula alendo ku Chembe kupita nawo ku Thumbi ndi ku Domwe, ndipo nthawi zina timagona konko. Alendo amafuna zakumwa zozizira, kutchaja mafoni, makamera ndi malaputopu. Inenso ndikufuna mababu ndi sipika. Pa shopu ina andiuza kuti ndigule invata ya 3000W ndi batire la galimoto la N70, mawaya ndigwiritse ntchito amene anatsala pomanga nyumba. Kodi zitheka?

Yankho: Bambo, ndalama zija zisungeni kaye. Zimene akuuzanizo zikhoza kuyaka pa kauntala ya shopu, babu n'kuwala, foni n'kuyamba kutchaja. Koma boti lanu limayenda ndi thanki ya petulo, limamenyedwa ndi mafunde, ndipo anthu amene mumanyamula amadumphira m'madzi pambali pake. Pamenepo zinthu zitatu zimene akuuzanizo, invata yaikulu, batire la galimoto ndi waya wa m'nyumba, zikakumana zimabala moto. Invata ndi chinthu chomaliza kugula, ndipo mukawerengera bwino mupeza kuti yofunika kwa inu ndi yaing'ono kwambiri.

Tiyambe ndi 3000W ija. Invata sipanga magetsi, imangotenga 12V ya m'batire n'kuikweza kufika pa 230V ngati ya ESCOM. Kuti itulutse ma watt 3000 kuchokera pa 12V, iyenera kukoka ma amp 250, ndipo mukaonjezera amene amatayika ngati kutentha mkati mwake, mufika pafupifupi 280. Batire la N70 limasunga pafupifupi 70Ah, ndiye kuti ma amp ochulukitsa ndi maola amene lingawapereke ndi pafupifupi 70. Mukalikoka ndi mphamvu yotere silipirira ngakhale mphindi 10. Kuli ngati kumangirira mbuzi ku ngolo yodzaza matumba a chimanga. Nanga waya? Wa m'nyumba wa 2.5mm² anapangidwira ma amp opitirira 20 pang'ono. Ma amp 280 akadutsamo, pulasitiki yake imasungunuka musanafike n'komwe pa switchi.

Mwina munganene kuti simudzakoka ma watt onsewo. Zoona, koma tsiku lina mlendo adzalumikiza ketulo kapena chowumitsira tsitsi chifukwa waona soketi, ndipo invata yaikulu sikana. Komanso invata ikakula imadya magetsi ambiri ingokhala yoyatsa popanda cholumikiza. Yotere ikhoza kumwa amp 1 kapena 2 ola lililonse, usiku wonse ku Domwe, inu muli mtulo.

Tengani pepala tiwerengere limodzi zimene mwatchula. Chilichonse timachulukitsa ma watt ake ndi maola amene chimayaka pa tsiku, ndipo nambala yotulukayo ndi Wh. Filiji yaing'ono ya malita 50 imakoka pafupifupi 45W kompuresa ikamalira, ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochi imalira pafupifupi theka la tsiku, ndiye tiike 500Wh. Mafoni 8, iliyonse 15Wh, ndi 120Wh. Laputopu ya 60W kwa maola 2 ndi 120Wh. Mabatire a makamera tiwapatse 100Wh. Mababu a LED 4 a 5W kwa maola 5 ndi 100Wh. Sipika ya 30W kwa maola 4 ndi 120Wh. Zonse pamodzi zikungopitirira 1,000Wh pang'ono. Mukagawa ndi 12 mupeza pafupifupi 90Ah, ndipo tiziti 100Ah pa tsiku poganizira zotayika m'njira. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muone olembedwa pa zipangizo zanu zenizeni, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Tsopano taonaninso mndandandawo. Ndi zingati zimene zikufunadi 230V? Mababu alipo a 12V. Mafoni amatchajidwa pa USB, ndipo masoketi a USB olumikiza mwachindunji pa 12V amapezeka. Sipika ya 12V ngati ya m'galimoto ilipo. Filiji, yomwe ndiyo ikudya theka la magetsi anu onse, iliponso ya kompuresa ya 12V, yonga imene amanyamula a magalimoto oyenda m'nkhalango, ndipo anaipanga kuti izipirira kupendekeka ndi kugwedezeka. Filiji ya m'nyumba ayi: poyamba kulira imakoka mphamvu kangapo kuposa yolembedwa pa chikwangwani chake, imafuna invata iziyaka usana ndi usiku, ndipo sikonda kugwedezedwa. Chenjeraninso ndi timabokosi totchipa tozizitsa popanda kompuresa, timene timangolira kafani. Timadya magetsi osapuma ndipo mu Okutobala sitikuzizitsirani Fanta.

Ndiye zotsalira invata ndi laputopu ndi matchaja a makamera basi. Pa zimenezi invata ya 500W kapena 600W ikukwanirani, malo n'kutsala. Ndikulimbikitsa izi chifukwa magetsi akadutsa mu invata, gawo lina, pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100, limasanduka kutentha, komanso waya aliyense wa 230V amene simunaike m'boti ndi ngozi imodzi imene mwaichotsa.

Pogula, onetsetsani kuti palembedwa pure sine wave (magetsi osalala ngati a ESCOM), 230V, 50Hz. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave. Zimayatsa babu bwinobwino koma zimatenthetsa matchaja ena, zimalowetsa phokoso mu sipika, ndipo tchaja ya kamera ya mlendo ikapsa m'boti lanu, nkhani yake imafika pa intaneti inu musanakocheze. Yang'anani nambala ya continuous, imene invata imapirira nthawi yonse, osati ya peak. Pa mabokosi ena nambala yaikulu yolembedwa ndi zilembo zonenepa ndi imene invata imapirira kwa kamphindi chabe. Ifunikanso ikhale yodzizimitsa yokha batire likatsika kwambiri.

Za batire. La galimoto analipanga kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alitaneta ilibwezere msanga. Timapuleti take ndi topyapyala. Mukamalitsitsa kwambiri tsiku ndi tsiku limafa m'miyezi yochepa. Inu mukufuna la deep cycle, lopangidwa kuti lizitsitsidwa ndi kutchajidwa tsiku ndi tsiku. Ngati ndi la asidi, kaya lothira madzi, la AGM kapena la gel, musamalitsitse kupitirira theka. Choncho pa 100Ah ya tsiku mufunika 200Ah, ndipo limenelo limalemera makilogalamu pafupifupi 60, ngati munthu mmodzi amene sadzatsika m'boti. Mukalipima ndi mita litapuma kwa maola angapo, lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.7V, ndipo likafika pa 12.2V ndiye kuti lili pa theka, lekani kukoka. Kutentha kumalipha msanga: kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kupitirira 25, moyo wake umachepa ndi theka. Batire losiyidwa pa dzuwa ku Cape Maclear silingafike zaka zolembedwa pa bokosi.

Njira ina ndi lithiamu ya mtundu wa LiFePO4. La 100Ah limalemera makilogalamu 12 kapena kuposera pang'ono, ndipo mukhoza kugwiritsa ntchito 80 mpaka 90 pa 100 ya mphamvu yake. Pa zosowa zanu, la 150Ah lingakupatseni mtendere. Ndi lodula pogula koma limakhala zaka zambiri. Ine ndikanakhala inu, thumba likulola, ndikanatenga limeneli chifukwa cha kulemera kokha. Koma likhale LiFePO4 yeniyeni yokhala ndi BMS mkati, kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe kapena kutsitsidwa mopitirira, ndipo BMS yake ikhale yololeza ma amp osachepera 100. Mabatire olumikiza pamanja kuchokera ku timaselo takale ta malaputopu asakwere m'boti lanu ngakhale atakupatsani ulere. Moto wake suzimitsika msanga, ndipo pakati pa Chembe ndi Domwe palibe kothawira.

Pano pali nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Anthu amaopa 230V n'kumapeputsa 12V poti sigwira munthu. N'zoona kuti 12V sikugwirani, koma batire lalikulu, waya wofiira akakhudzana ndi wakuda, limatulutsa ma amp mazanamazana, mwina kuposa 1,000, nthawi imodzi. Sipanala ikagwera pa mitu iwiri ya batire imawotcherera pomwepo. Waya amafiira ngati khala utali wake wonse, ndipo faiba imayaka. Chimene chimaletsa zimenezi ndi fyuzi, ndipo malo ake ndi pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi mutu wa batire. Malamulo a maboti a bungwe la ABYC ku America amati isatalikire mainchesi 7, omwe ndi masentimita pafupifupi 18. Chifukwa chake n'chakuti kachigawo ka waya kochokera pa batire kufika pa fyuzi kalibe chokateteza, ndiye kayenera kufupika.

Ambiri amati invata ili kale ndi fyuzi mkati. Imeneyo imateteza invata. Waya akakhulika pa kona ya thabwa pakati pa batire ndi invata, fyuzi ya mkatiyo sidziwa kanthu. Fyuzi imasankhidwa poona waya: iyenera kupsa iyo waya asanatenthe. Pa invata ya 600W, imene imakoka ma amp pafupifupi 60, ikani waya wa 16mm² ngati mtunda sukupitirira mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi ya 80A ya mtundu wa ANL kapena MEGA. Mtunda ukafika mamita 3, kwezani waya afike 25mm², chifukwa magetsi amayenda ulendo wopita ndi wobwerera, ndiye mamita 3 ndi mamita 6. Waya akachepa volteji imagwa m'njira, invata n'kumalira kuti batire latha pomwe lili lodzaza. Buku la invata yanu likanena waya wokulirapo, tsatirani bukulo. Pa lithiamu, fyuzi ya Class T ndiyo yodalirika kwambiri chifukwa imatha kudula mphamvu yaikulu imene batire lotere limatulutsa likachita shoti.

Pambuyo pa fyuzi ikani switchi yaikulu yodulira batire, yozungulitsa ndi dzanja, pamalo pamene mungafike muli pa injini. Mnyamata wanu wothandiza aidziwenso. Zipangizo za 12V zija zisamangiriridwe chilichonse pachokha pa mutu wa batire. Zichokere pa kabokosi ka mafyuzi ang'onoang'ono, filiji yake, mababu yawo, ma USB yawo.

Mtundu wa waya nawo ndi nkhani. Wa m'nyumba uli ndi kopa wolimba, m'khoma sagwedezeka zaka zonse. M'boti injini imanjenjemeretsa chilichonse, ndipo kopa wolimba amathyoka mkati mwa pulasitiki inu osaona, n'kumathetheka pamenepo. Wofunika ndi wofewa, wa timawaya tambirimbiri, ndipo wabwino koposa ndi wokutidwa ndi tini kuti asachite dzimbiri. Akasowa, waya wa makina owotcherera wa kopa weniweni amagwira ntchito. Pamsika pali wina wooneka ngati kopa kunja koma mkati ndi aluminiyamu. Mpaleni ndi mpeni musanalipire: akaonetsa kuyera, msiyeni. Kumapeto kwa waya kuikidwe malagi, tizitsulo tabowo tomangira pa bawuti, opanikiza ndi chida chake, osati kuphwanya ndi hamala kapena kupotokola ndi pulayazi, ndipo mukute ndi heat shrink, kachubu ka pulasitiki kamene kamakwinyika n'kugwira waya kakatenthetsedwa. Mawaya ong'ona ojampira galimoto si olumikizira invata. Polumikiza pakakhala polobodoka pamatentha, ndipo moto wambiri wa m'maboti umayambira pa mfundo zoterezi. Mangani mawaya ndi timakilipi pafupipafupi, adutse m'mwamba kutali ndi madzi a pansi pa boti, ndipo pobowola thabwa muikepo labala.

Koika zinthuzi. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi pa boti n'kukhala pamenepo. Invata wamba ili ndi fani ndi zina zothetheka mkati, ndiye siyenera kukhala m'bokosi limodzi kapena pansi pa mpando umodzi ndi thanki kapena zigubu za petulo. Popeza petulo wanu amakhala kumbuyo, magetsi aikeni chapakati pa boti, kumene kulinso bwino pa kulemera ndipo sikumenyetsa ngati kutsogolo. Batire likhale m'bokosi lake la pulasitiki, lomangidwa ndi malamba pa boti lenileni, mitu yake yovindikira. Muganize za Juni ndi Julayi, mwera ukauka mwadzidzidzi: batire la makilogalamu 60 losamangidwa likhoza kuthyola mwendo wa munthu kapena kung'amba mawaya ake. La asidi lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen potchaja, womwe umaphulika, ndiye bokosi lake likhale ndi potulukira mpweya chakumwamba, ndipo invata isakhale pamwamba pake. Invata ikhale pouma, pokwera, pamthunzi, ndi mpata woti fani ipume. Musaikulunge m'pulasitiki poopa madzi, ipsa ndi kutentha.

Tibwere ku 230V. Alendo anu amapita ku Thumbi kukasambira ndi kuona mbuna, ndipo apa pali ngozi imene ambiri sanaimvepo. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere. M'madzi a mchere magetsi otayika amayenda mosavuta m'madzimo n'kumulambalala munthu. M'madzi opanda mchere, thupi la munthu limadutsitsa magetsi bwino kuposa madziwo, ndiye magetsi amasankha kudutsa mwa iye. Safunika kukhala ambiri. Ma milliamp (mA) 10 kapena 15, pomwe amp imodzi ndi ma milliamp 1,000, amakwana kuumitsa minofu, munthu n'kulephera kupalasa, n'kumira mwakachetechete, ndipo oona amangoti anatopa. Choncho lamulo la m'boti lanu likhale ili: munthu akalowa m'madzi, invata izime. Zipangizo za 12V zikhoza kupitiriza.

Kuonjezera apo, potuluka 230V mu invata payambe pakhala RCD ya 30mA, switchi yodula magetsi yokha akayamba kutayikira m'madzi kapena mwa munthu, kenako soketi imodzi yokha yokhala ndi chivindikiro chotchinga madzi, ya mabowo atatu ngati za m'nyumba zathu. Ma extension oyala pansi pa boti, pomwe anthu amaponda ndi mapazi onyowa, ayi. Thupi lachitsulo la invata lili ndi kabawuti ka earth, kalumikizidwe ku negative yaikulu ya boti, pamene pamakumana mawaya akuda opita ku batire, ndi waya wonenepa mofanana kapena pafupifupi ndi wa batire uja. Koma pali msampha. RCD imagwira ntchito moyenera ngati neutral ndi earth zalumikizidwa pa invata. Zina zimabwera zolumikizidwa kale, zina zimakulolani kulumikiza, pomwe zina zotchipa zimapsa mukangoyesa kutero chifukwa cha mmene anazipangira mkati. Funsani zimenezi musanagule, ndipo muone m'buku lake ndi maso anu. Wogulitsa akalephera kuyankha ndipo buku palibe, pitani pena. Kabatani ka test pa RCD kamangosonyeza kuti RCD yokhayo ili moyo, sikatsimikiza kuti mawaya onse ali bwino. Gawo limeneli lokha mpatseni wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, alipime ndi chida chake. Zina zonse munthu wosamala akhoza kuchita yekha, koma apa ndi pa moyo wa ana a eni.

Funso limene simunafunse koma ndi lalikulu: 100Ah imeneyi ibwerera bwanji m'batire tsiku lililonse? Musadalire injini. Enduro yokoka ndi chingwe ili ndi kakoilo kongopereka ma amp ochepa, kokwanira mababu, ndipo maulendo anu ndi aafupi. Komanso magetsi a kakoiloko sakhala okhazikika, ndiye musawalumikize mwachindunji ku lithiamu. Yankho lanu ndi dzuwa, ndipo denga la boti limene limapatsa alendo mthunzi ndi malo okonzeka kale. Kuno tikhoza kuwerengera maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu pa tsiku. Mapanelo a 300W, mutachotsa zotayika ndi kutentha ndi fumbi, angakupatseni pafupifupi 1,100Wh, zomwe zikungokwana ndendende. Nthawi ya mvula zidzachepa, ndiye ngati denga lili ndi malo ndipo ndi lolimba, ikani 400W. Pakati pa mapanelo ndi batire pakhale controller ya MPPT, kabokosi kowongolera kutchaja, yoikidwa pa mtundu wa batire lanu, nayonso ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Polumikiza, yambani batire kenako mapanelo, pochotsa yambani mapanelo. Amangeni ndi mabawuti osachita dzimbiri, osati zingwe, chifukwa mphepo ikalowa pansi pa panelo imaikweza, ndipo kumbukirani kuti kulemera kwa pamwamba kumapendeketsa boti. Zitosi za mbalame muzipukuta m'mawa uliwonse: kachigawo kakang'ono kakaphimbika, panelo yonse imafooka. Mukamatchajira kumtunda ndi magetsi a ESCOM, chitani boti lili pa mchenga kapena mutulutse batire. Waya wa 230V wochoka ku nyumba kudutsa pagombe kulowa m'boti loyandama, pomwe amayi akuchapa ndi ana akusambira, ndi ngozi ija ndanena.

Pa tsiku loika, vulani wotchi ndi mphete, kulungani sipanala ndi tepi, ndipo waya wakuda wa pa batire ukhale womaliza kulumikiza. Onetsetsani kawiri kuti wofiira wapita pa + chifukwa invata zambiri zikatembenuzidwa zimapsa nthawi yomweyo. Mukamaliza, yesani boti lili kumtunda: yatsani zonse kwa theka la ola, kenako gwirani mfundo iliyonse ya mbali ya 12V. Yofunda pang'ono palibe vuto, koma yotentha ndiye kuti ndi yolobodoka kapena waya wachepa. Pakatha sabata mukuyenda, kungani mabawuti onse kachiwiri, ndipo muzitero mwezi uliwonse. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pofikirika, osati pansi pa katundu. Popeza mumanyamula anthu, a dipatimenti ya Marine akamadzayendera boti lanu muwaonetse zimene mwaikazo.

Batire likadzatha, musalisiye pagombe kapena kutaya asidi wake mumchenga. Kumene mumagwira ntchitoko ndi ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezo zimene alendo anu amalipirira kudzaona. Mtovu ndi asidi ndi poizoni kwa nsomba ndi kwa anthu akumwa madziwo. Ogula mabatire akale alipo, kaperekeni kumeneko.

Ngati ndalama sizikwana zonse nthawi imodzi, yambani ndi batire labwino, fyuzi, switchi ndi mawaya oyenera. Kenako mapanelo ndi controller, mababu ndi masoketi a USB, kenako filiji ya 12V. Pofika apa alendo akumwa kale zozizira ndipo mafoni awo akutchaja popanda 230V m'boti. Malaputopu ambiri atsopano amatchajidwa pa USB-C, ndipo soketi ya 12V ya USB-C PD ya 65W imawakwanira, choncho yendani mwezi umodzi kaye muone kuti ndi alendo angati amene akufunadi soketi ya mabowo atatu musanagule invata ya 600W ija.